Sikirini yakuda kapena yoyera? Funsani kaye dzuwa la ku Balaka

Mukafuna kuyambanitsa achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a pa kompyuta, musavutike n'kuwafunsa za Maule ndi Manoma. Ingowafunsani kuti pakati pa sikirini yakuda ndi yoyera yabwino ndi iti. Mkangano wake ulibe refa. Pa gulu lathu la pa WhatsApp, momwe muli anyamata ndi atsikana a ku Balaka, Ulongwe, Liwonde mpaka ku Ntaja, munthu akangotumiza chithunzi cha khodi yake ili pa sikirini yoyera, anthu saona n'komwe vuto lomwe wafunsa. Amayamba kaye kumuseka. "Aise, ukufuna kutiboola maso?" Wina: "Ukulemba khodi kapena kalata yofunsira ntchito?" Mwana wa eni ake amachita manyazi, n'kukasintha usiku womwewo kuti naye azioneka ngati katswiri.

Ine ndimapeza ya ndiwo polemba timapulogalamu ta anthu a mashopu ndi ta magulu a banki m'khonde, ndipo Loweruka lililonse ndimaphunzitsa achinyamata angapo amene ambiri mwa iwo chida chawo ndi foni basi. Maganizo anga pa mkanganowu ndi oti tonse tikukangana pa funso lolakwika. Mitundu ya pa sikirini si yunifomu ya timu. Imayenera kugwirizana ndi zinthu zitatu: kuwala kwa pomwe mwakhala, galasi la chida chanu, ndi maso anu. Ndipo pa zitatuzi, palibe chomwe timafanana ndi anthu a pa YouTube amene timawatsanzira.

Anzanga amakonda kunena kuti "makala", koma kuno mukati makala wina akubweretserani thumba la m'mbali mwa msewu wa ku Phalula, ndiye ine ndiziti mitundu.

Kwa amene simunayambe za khodi: editor ndi pomwe timalembapo pulogalamu, monga mmene Word ilili kwa wolemba kalata. Wotchuka kwambiri masiku ano ndi VS Code, yomwe Microsoft idatulutsa mu 2015, ndipo pa foni anthu amagwiritsa ntchito Acode kapena Pydroid. Terminal ndi kawindo komwe umalamula kompyuta polemba mawu m'malo modina tizithunzi, ndipo pa foni ya Android yodziwika ndi Termux. Zonsezi zimapaka mawu mitundu yosiyanasiyana: malamulo mtundu wake, manambala wake, mawu oti aonetsedwe kwa munthu wake, ndemanga zomwe wolemba amadzisiyira nazonso wake. Gulu la mitundu imeneyi ndi lomwe amati theme.

Ntchito ya mitunduyi ndimaionetsa pogwiritsa ntchito ng'ona ya mu Shire. Mu Python, mawu timawatsekera pakati pa tizizindikiro tiwiri, ndipo ambiri amakonda nkhodolero, kachizindikiro ka m'mwamba kaja tidaphunzira ku pulayimale. Ndiye munthu alemba kuti nyama = 'ng'ona'. Kwa ife palibe cholakwika. Koma kompyuta imawerenga 'ng' n'kuganiza kuti mawu athera pomwepo, kenako imaona ona atangoima payekha, kenako nkhodolero yomaliza yomwe yatsegula chitseko chopanda wochitseka. Pulogalamu imakana kuyenda. Editor yabwino imakuuzani musanayese n'komwe: ng imakhala mtundu wina, ona mtundu winanso, ng'ona yaduka pakati maso anu akuona.

Chichewa chathu chadzaza ndi nkhodolero: ng'ombe, m'mudzi, n'chifukwa, maina ngati Ng'oma. Ndiye ife vutoli timakumana nalo kawirikawiri kuposa wolemba Chingerezi, makamaka tikamalowetsa maina a anthu mu database. Ngati mitundu iwiriyo ikungooneka yofanana pa sikirini yanu chifukwa cha dzuwa, theme ija yasiya ntchito yomwe mudaiikira. Yangotsala chokongoletsa.

Chakudachi chidachokera kuti?

Sichidayambe ngati fashoni. Masikirini akale, a chimimba aja, ankawalitsa zilembo zokha, kwina konse n'kukhala mdima. Terminal yotchuka ya VT100 ya mu 1978 idali choncho, ndipo kompyuta ya IBM ya mu 1981 idali ndi sikirini ya zilembo zobiriwira pakuda. Itabwera Macintosh mu 1984, zinthu zidatembenuka: zilembo zakuda pa sikirini yoyera, kutsanzira pepala. Koma mu 1999 kudatuluka filimu ya The Matrix, yomwe ena tidaionera m'nyumba za vidiyo titakhala pa mabenchi, ndipo kuchokera pamenepo zilembo zobiriwira zoyenderera pakuda zidasanduka chizindikiro cha munthu wodziwa zinsinsi za kompyuta. Mpaka lero mwana akangoika Termux, choyamba amafunsa n'choti asandutse bwanji zilembo kuti zikhale zobiriwira.

Ma theme omwe timakanganiranawa ali ndi eni ake, anthu ngati ife tomwe. Monokai adaipanga Wimer Hazenberg wa ku Netherlands mu 2006. Dracula, yomwe anyamata a pa gulu lathu amalumbirira, adaiyamba Zeno Rocha wa ku Brazil mu 2013. Solarized adaitulutsa Ethan Schoonover wa ku America mu 2011, ili ndi mitundu 16 yosankhidwa mwa masamu, ndipo imabwera pawiri, yakuda ndi yoyera. Schoonover adafotokoza kuti ankafuna kuti kuwerenga pa sikirini kuzikhala ngati kuwerenga buku pansi pa mtengo, osati padzuwa pomwe pepala limathobwa m'maso. N'chifukwa chake adachepetsa dala kusiyana kwa zilembo ndi kumbuyo kwake.

Ganizo labwino ndithu. Koma iye ankafuna kubweretsa mthunzi m'chipinda. Ife tili kale pansi pa mtengo wa mango weniweni, mu Okutobala, m'chigwa cha Shire.

Balaka, yomwe idali mbali ya Machinga mpaka mu 1998, dzuwa lake simuchita kuuzidwa. M'nyumba ya malata yopanda siling'i simukhalika ikangokwana 10 koloko. Munthu amatulutsa mpando pakhonde, ndipo pamenepo ndi pomwe pali ofesi ya ambiri a ife. Akatswiri amayeza kuwala mu ma lux. Ofesi yoyatsidwa bwino imakhala pa 300 mpaka 500. Dzuwa la masana limafika pa 100,000, ndipo ngakhale pamthunzi wa panja pamakhala masauzande angapo. Munthu wa pa YouTube uja, wa timagetsi ta pepo kumbuyo kwake, amakhala m'chipinda chotseka makatani chomwe sichifika n'komwe pa kuwala kwa ofesi.

Zomwe zimachitika n'zosavuta kumvetsa. Sikirini ndi galasi, ndipo galasi limabweza kuwala komwe kwaligwera. Kumbuyo kukakhala koyera, kuwala kobwererako kumamira mu kuyerako, ndipo zilembo zakuda zimaonekabe. Kumbuyo kukakhala kwakuda, palibe chomiza kuwalako. Chakudacho chimasanduka mbuu, ndipo mumayamba kudziona nokha nkhope, mtengo wa kuseri kwanu ndi nkhuku zodutsa. Zilembo zowala zimalimbalimba, koma zozimiririka zimangosowa.

Pali muyeso wa zimenezi. Bungwe la W3C, lomwe limaika malamulo a mawebusaiti, limati zilembo wamba zizisiyana ndi kumbuyo kwake ndi mlingo wosachepera 4.5 kwa 1 kuti anthu ambiri aziwerenga bwino. Zakuda bii pa zoyera mbee zimafika 21 kwa 1. Mu Solarized yakuda, zilembo wamba zimangodutsa pang'ono malire aja, ndipo ndemanga sizifika ngakhale pa 3. Apo n'kuti muli m'chipinda, pa sikirini yatsopano. Onjezanipo dzuwa, fumbi la Seputembala, kapulasitiki kotchinjiriza komwe kadakalika, ndi mng'alu wa pakona uja mwakhala mukunena kuti mukonzetsa mwezi wa mawa. Onjezaninso kuti malaputopu ambiri omwe timagula ndi a kaunjika, ma HP, Dell ndi Lenovo omwe adagwira kale ntchito zaka kwinakwake, sikirini yake idayamba kufooka, ndipo ambiri mukangopendeketsa mutu pang'ono mitundu imasintha.

Chomwe chimandipweteka n'choti zoyamba kusowa ndi ndemanga. Ma theme ambiri akuda amazizimiritsa dala poganiza kuti katswiri sazifuna kwambiri. Koma wophunzira ndi amene amazifuna koposa, chifukwa m'menemo ndi momwe muli malongosoledwe.

Mtsikana wina wa ku Liwonde, yemwe masana amakhala pa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba ka azakhali ake, amaphunzira pa foni makasitomala akachepa. Tsiku lina adandipatsira foni atakwiya.

"Achimwene, mafoda anga asowa. Ndalemba ls koma akungobwera mafayilo okhaokha."

Ndidaika dzanja pamwamba pa foniyo kuti pachite kamthunzi. Mafoda onse adali pomwepo. Terminal imalemba maina a mafoda mwa buluu, ndipo buluu wakuda pa sikirini yakuda, pansi pa ambulera ya m'mbali mwa msewu, saoneka.

"Ndiye ndimati ndafufuta zonse," adatero, akuseka koma mtima uli m'mwamba.

Vuto la buluu ameneyu si la ku Liwonde kokha. Mu 2017 a Microsoft adasintha mitundu ya terminal ya Windows yomwe idakhala zaka zoposa 20, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe adapereka n'choti buluu wakale uja ankavuta kuwerenga pa masikirini a makono. Mu Termux mitundu imasinthidwa mu fayilo ya colors.properties, kapena poika kapulogalamu ka Termux:Styling. Tidasintha pomwepo, kumbuyo koyera, zilembo zakuda, ndipo adapitiriza ntchito yake.

Za maso

Mawu omwe ndimawamva kwambiri ndi oti chakuda chimateteza maso. Diso lili ndi kabowo pakati komwe kamachepa kukawala n'kukula kukada. Kakachepa, zinthu zimaoneka zakuthwa, monga mmene timachitira potsinzinira pang'ono tikafuna kuona patali. Kakakula, zilembo zimayamba kumwazika m'mbali. Ofufuza a pa yunivesite ya ku Düsseldorf ku Germany adapeza mu 2013 kuti anthu, achinyamata ndi achikulire omwe, ankagwira bwino zolakwika m'zolemba zikakhala zakuda pa sikirini yoyera kusiyana ndi zoyera pakuda. Kusaka nkhodolero imodzi yosochera m'mizere 200 ndi ntchito ya mtundu womwewo.

Amene ali ndi vuto lomwe a zamaso amati astigmatism amadziwa bwino zimenezi: zilembo zoyera pakuda zimachita ngati zili ndi utsi m'mbali, monga mmene nyali za galimoto zimachitira usiku. Ambiri kuno sadayezetsepo maso chibadwire, ndiye munthu amangomva mutu kuwawa madzulo n'kumati ndi njala kapena malungo. Komanso alipo ena amene chakuda chimawathandizadi, monga omwe maso awo sapirira kuwala kapena ayamba ng'ala. Kwa iwo kuyera kwa sikirini kumamwazika m'diso n'kuphimba zilembo. Ndiye mnzanu akamati iye amaona bwino pakuda, mwina sakunama. Maso ndi ake.

Usiku nkhani imatembenuka, ndipo apa a gulu la chakuda ali ndi mfundo. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zomwe zinkaunikira magetsi. Ambiri mwa otsalawo ankadalira tochi, sola kapena kandulo. Ngakhale ife a pa Liwonde, pomwe pali Kamuzu Barrage yomwe imawongolera madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mdima timaudziwa. Aliyense akukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kuchotsa ma megawati pafupifupi 130. M'chipinda cha mdima wa ndiweyani, sikirini yoyera imakhala ngati wina wakuunika tochi kumaso. Ukacheuka kuti uone kope lako suona kanthu, ukabwerera pa sikirini misozi ikutuluka. Apo theme yakuda, kuwala kotsitsidwa, n'chinthu chanzeru.

Palinso chifukwa china chomwe simudzachipeza m'buku lililonse la ku Ulaya. Mvula yoyamba ikagwa, yatsani sikirini yoyera pakhonde pafupi ndi Shire muone. Ngumbi, agulugufe a usiku ndi tizilombo tina topanda maina timabwera kudzaphunzira nawo Python. Kamodzi kakatera pa sikirini, umaganiza kuti ndi mpumiro womwe sudalembe.

Ndiye yankho langa limasintha ndi nthawi: masana koyera, usiku kwakuda. Palibe lamulo loletsa kukhala ndi ma theme awiri. Foni ya Android kuyambira pa Android 10 ya mu 2019 ili ndi dark mode ya foni yonse, ndipo mafoni ambiri amalola kuti izidziyatsa yokha dzuwa likalowa. VS Code nayo ili ndi posankha kuti izitsatira zomwe kompyuta yasankha.

Nanga batire?

Apa ndi pomwe pali bodza lokoma kwambiri, chifukwa lili ndi choonadi mkati. Masikirini alipo a mitundu iwiri. Pa OLED, yomwe ena amalemba AMOLED, kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, ndipo pakuda kamazima. Pa LCD, kuseri kwa galasi kuli nyali yomwe imayaka nthawi zonse, ndipo chakuda chimapangidwa potchinga kuwalako. Zili ngati kuphimba babu ndi chitenje: m'chipinda muda, koma mayunitsi akupitabe. Mafoni ambiri otsika mtengo a itel, Tecno ndi Infinix omwe ali m'matumba mwathu ndi a LCD. Malaputopu a kaunjika pafupifupi onse ndi a LCD. Pa zida zimenezi, dark mode siipulumutsa batire m'njira yoti mungaizindikire.

Ngakhale pa OLED phindu lake limadalira kuwala komwe mwaika. Ofufuza a ku Purdue University ku America adayeza zimenezi mu 2021. Kuwala kukakhala pakati pa 30 ndi 50 peresenti, pomwe anthu ambiri amasiya ali m'nyumba, dark mode inkapulumutsa 3 mpaka 9 peresenti yokha ya mphamvu. Kuwala kukakhala pa 100 peresenti m'pomwe inkapulumutsa zambiri, 39 mpaka 47 peresenti. Dziwaninso kuti ma theme ngati Dracula si akuda bii, ndi otuwirako, ndiye timadontho tija sitizima kwenikweni.

Mukafuna kudziwa kuti foni yanu ndi ya mtundu uti, musavutike ndi kusaka pa intaneti. Usiku, magetsi atazima, tsegulani chithunzi chakuda paliponse. Ngati foni ikuoneka ngati yathima, ndi OLED. Ngati ikuchita kakuwala kotuwa, makamaka m'mbali, ndi LCD.

Tsono taganizani za munthu wa LCD yemwe wakakamira theme yakuda masana. Kuti aone chilichonse amakweza kuwala mpaka kumapeto, ndipo nyali ya kuseri ija ndi imene imadya batire kwambiri. Mnzake wa theme yoyera akuwerenga bwinobwino kuwala kuli pakatikati. Ikamakwana 3 koloko, wa chakuda uja ali kale pa mzere kwa ometa tsitsi, kulipira kuti atchajitse foni, uku akuuza anthu kuti dark mode imasunga moto.

Chofiira ndi chobiriwira

Pali anthu amene sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo amabadwa choncho. Pakati pa azungu ndi mwamuna mmodzi pa 12 alionse, akazi ndi ochepa kwambiri. Kwa ife a ku Africa chiwerengerocho n'chotsikirapo, koma alipo, ndipo ambiri sadziwa. Tsoka lake, zida za khodi zimakonda mitundu iwiri yomweyi. Git imaonetsa mizere yochotsedwa mofiira, yowonjezedwa mobiriwira. Mayeso a pulogalamu akalephera ndi chofiira, akatheka ndi chobiriwira. Mukaona kuti mumachita kuyandikitsa nkhope kuti musiyanitse, si ulesi kapena umbuli ayi. GitHub ili ndi ma theme opangidwira anthu otere, omwe amagwiritsa ntchito buluu ndi olenji, ndipo Git imaikanso chizindikiro chochotsera ndi chophatikiza kumayambiriro a mzere. Zizolowereni zizindikirozo.

Pophunzitsa ndidasiya kutchula mitundu. Chichewa chili ndi mawu akeake a kuyera, kuda, kufiira ndi kubiriwira, chikasu tidatengera ku chomera, koma pinki, pepo ndi buluu n'zobwereka, ndipo aliyense amaika malire pake. Komanso m'kalasi la anthu 8 mumakhala ma theme 6. Ukati "onani mawu a pinkiwo", wina kwake ndi ofiira, wina a buluu, wina akungoyang'ana kudenga. Ndimangoti "onani dzina la function", basi.

Theme imasiya kukhala nkhani ya iwe wekha ukafuna kuonetsa ena. Ndidaitanidwa pa sukulu ina ya sekondale ku Machinga kukaonetsa ana mmene webusaiti imapangidwira. Kalasi ya mawindo akuluakulu opanda makatani, pulojekita ikuwalitsa pa khoma la laimu. Mnyamata yemwe adayamba kulankhula ine ndisanaimirire adali ndi Monokai, ndipo a kumbuyo ankangoona timadontho ta pinki ndi chikasu tikuyandama. Aphunzitsi adachita kufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, pali cholembedwa pamenepo?" Pulojekita siitha kuwalitsa chakuda. Chomwe timati chakuda pa pulojekita ndi khoma lenilenilo mmene likuonekera, ndiye khoma likakhala loyera m'chipinda chowala, chakuda chanu ndi choyera. Pa pulojekita, theme yoyera ndi zilembo zikuluzikulu, palibenso zokambirana.

N'chimodzimodzi ndi zithunzi za pa WhatsApp. Pulogalamuyi imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi tizilembo towonda tofiira ndi ta buluu pakuda. Choipitsitsa ndi chija chojambula sikirini ya laputopu ndi kamera ya foni: timangoona nkhope ya mwini wake ndi zenera la kwawo. Tumizani khodi ngati mawu, muike tizizindikiro titatu iti ``` kumayambiriro ndi kumapeto. WhatsApp imaisanja bwino, bandulo siipita, ndipo wokuthandizani atha kuikopera n'kuiyesa.

Kusankha kwake sikufuna mlungu wathunthu, ngakhale ndikudziwa anyamata amene atha bandulo yonse kutsitsa ma theme asanalembe mzere ngakhale umodzi wa khodi. Mu VS Code dinani Ctrl ndi K, kenako Ctrl ndi T. Pabwera mndandanda, ndipo mukamatsika ndi kabatani ka muvi mitundu imasintha pomwepo. Monokai, Solarized zonse ziwiri, ndi ma theme a High Contrast, yakuda ndi yoyera, zilimo kale, sizifuna intaneti. Koma muyesere pomwe mumagwirira ntchito, pa nthawi yomwe mumagwira. Tsegulani khodi yanu yomwe ili ndi ndemanga, khalani mmene mumakhalira, muone ngati mukuwerenga ndemangazo osawerama. Lembani 'ng'ona' muone ngati ikuduka mooneka. Mubwerezenso usiku.

Nthawi zambiri vuto silikhala mtundu n'komwe koma kukula kwa zilembo. Achinyamata amakonda tizilembo tating'ono ngati nyerere kuti pa sikirini pakwane zambiri. Kwezani kufika pa 15 kapena 16. Sankhaninso kalembedwe komwe 0 ndi O, komanso 1 ndi l, sizifanana. JetBrains Mono ndi Fira Code n'zaulere ndipo zidapangidwira zimenezi. Amene adalembapo nambala ya mayunitsi a magetsi kuchokera pa risiti yofufutika akudziwa mavuto ake.

Ine masana ndimakhala pa High Contrast yoyera. Siikongola, ndipo pa gulu paja amati ikuoneka ngati fomu ya ku boma. Usiku ndimapita pa Gruvbox yakuda, chifukwa mitundu yake ndi ya dothi, siithobwa. Koma pali windo limodzi lomwe silitsatira dzuwa kapena mwezi.

Pa 31 Januwale 2017, injiniya wa kampani ya GitLab, yomwe imasunga khodi ya anthu ambirimbiri pa dziko lapansi, ankakonza vuto usiku atatopa. Adali ndi ma seva awiri, lenileni ndi lothandizira. Adalemba lamulo lofufuta akuganiza kuti ali pa lothandizira, chonsecho adali pa lenileni. Pomwe amazindikira n'kuimitsa, deta pafupifupi ma gigabaiti 300 idali itapita. Atabwezeretsa zomwe akanatha, ntchito ya anthu ya maola pafupifupi 6 idatayikiratu. Kampaniyo idalemba poyera zomwe zidachitika, ndipo pa mndandanda wa zoti akonze padali kanthu kooneka kachabechabe: kusintha maonekedwe a terminal kuti munthu azidziwa msanga seva yomwe alipo.

Ndalama za gulu la amayi 25 a banki m'khonde si za GitLab, koma mukafufuta kaundula wa ngongole zawo mwezi wogawana uli pafupi, mudzafotokoza pamaso pa a mfumu. N'chifukwa chake terminal iliyonse yomwe yalumikizidwa ku deta yeniyeni ya kasitomala ndimaipaka kumbuyo kofiira psuu, zilembo zoyera, dzina la seva lili m'zilembo zikuluzikulu. Yoyeserera ndimaisiya mmene ilili. Kuchita zimenezi kumatenga mphindi zosakwana zisanu, ndipo chofiiracho chimaoneka pakhonde masana, mu minibasi ya ku Ntaja, ngakhale 2 koloko ya usiku maso akulemera. Amene simuona bwino chofiira, sankhani chikasu chowala.

Windo limenelo ndi lonyansa moti sindikhalitsamo. Ndimalowa, n'kuwerenga kawiri zomwe ndalemba, n'kudina Enter, n'kutseka.